Chiphaso cha EPC ku England ndi Wales: momwe chimakhudzira mtengo wa nyumba, ndi zoyenera kuyamba kukonza

Nyumba iliyonse yogulitsa kapena yochititsa lendi ku England ndi Wales imayenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa Energy Performance Certificate, chomwe anthu amangoti EPC. Chimasonyeza ndi chilembo, kuyambira A mpaka G, ngati nyumbayo imadya ndalama zochepa kapena zambiri pa gasi ndi magetsi. Chinayamba mu 2007 pa nyumba zogulitsa, ndipo mu Okutobala 2008 chinafikanso ku nyumba za lendi. Chikalembedwa chimagwira ntchito zaka 10. Ku Scotland chiphasochi chiliko, koma malamulo ake ndi kaundula wake ndi zapadera, choncho zimene zili pano zikunena za England ndi Wales.

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku Britain tinakulira m'nyumba zimene nkhawa yake inali kutentha kwa malata mu Okutobala. Kuno nkhawa ndi yosiyana. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo nyumba imafunika kutenthetsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo imene imataya kutentha imadya ndalama mwezi uliwonse popanda choonetsa. N'chifukwa chake kapepala kameneka sikoyenera kungokadumpha poona zithunzi za khitchini.

Chimene chilembocho chimayeza

Nyumba imapatsidwa malikisi, ndipo malikisiwo ndi amene amabala chilembo. A ndi 92 kupita m'mwamba, B ndi 81 mpaka 91, C ndi 69 mpaka 80, D ndi 55 mpaka 68, E ndi 39 mpaka 54, F ndi 21 mpaka 38, G ndi 1 mpaka 20. Muziyang'ana nambalayo, osati chilembo chokha. D wa 67 watsala ndi malikisi awiri kuti akhale C, mwina ndi ntchito ya Loweruka limodzi. D wa 55 ali m'mphepete mwa E, ndipo kumukweza kufika pa C kungafune ndalama zambiri. Pa chikwangwani cha wogulitsa onsewa amangooneka ngati D.

Malikisiwa amawerengera ndalama zimene nyumbayo ingafune potenthetsa zipinda, kutenthetsa madzi ndi kuunikira, poyerekeza ndi kukula kwake. Firiji, makina ochapira ndi TV sizilowamo. Komanso sayang'ana mabilu anu enieni: kompyuta imangoganiza kuti m'nyumbamo muli banja lapakatikati, pabalaza pakutentha 21°C ndipo zipinda zina 18°C. Mfundo yofunika kwambiri ndi yakuti chikuyezedwa ndi mtengo, osati kufunda kwa nyumba. Yuniti imodzi ya magetsi ku Britain imadula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Ndiye fulati yofunda bwino koma yotenthetsedwa ndi mahita a magetsi ikhoza kupeza E, pamene nyumba yolowa mphepo koma yokhala ndi boiler (makina otenthetsa madzi ndi nyumba) ya gasi yatsopano ikupeza D. Amene sadziwa zimenezi amachotsa boiler ya gasi n'kuika mahita a magetsi okongola apakhoma, kenako n'kudabwa chilembo chitatsika.

Musanagule, werengani chiphaso chonse

Pa gov.uk pali tsamba la Find an energy certificate. Mukalemba postcode mumaona chiphaso cha nyumba iliyonse imene ili m'kaundula, kwaulere. Tsikani m'munsi, pamene alemba khoma, denga, mawindo, chotenthetsera ndi madzi otentha, chilichonse ndi chigamulo chake. Mukaona mawu akuti assumed, dziwani kuti woyeza nyumba amene analemba chiphasocho sanaone ndi maso ake. Anangotengera zaka za nyumbayo. Zikhoza kutheka kuti kudenga kuli kale zotchingira kutentha koma tsiku limenelo chitseko chokwerera chinali chokhoma, kapena zikhoza kutheka kuti kulibiretu. Pokayendera nyumbayo pemphani kukwera mukaone.

Onaninso nambala yachiwiri, ya pamene nyumbayo ingafike itakonzedwa, ndi mndandanda wa ntchito zimene akulangiza. Ngati kuchoka pa D kufika pa C kukufuna za kudenga ndi zowongolera boiler basi, nyumbayo ndi yabwino kugula. Ngati ntchito yoyamba pa mndandandawo ndi kukuta makoma onse, muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti atsitse mtengo. Kenako tsegulani ziphaso za nyumba zoyandikana nazo mumsewu womwewo. Nyumba zomangidwa pamodzi zimafanana, ndipo ngati ya pa nambala yotsatira inafika pa C, chiphaso chake chikuuzani chimene anasintha.

Pa mtengo wa nyumba

Apa anthu amakokomeza, makamaka ogulitsa mawindo ndi sola. Mu 2021 bungwe lobwereketsa ndalama za nyumba la Nationwide linapeza kuti nyumba za A kapena B zinkagulidwa ndi mtengo wokwera ndi 1.7 peresenti poyerekeza ndi zofanana nazo za D, pamene za F kapena G zinkatsika ndi 3.5 peresenti. Pakati pa C, D ndi E kusiyana kunali kochepa kwambiri. Pa nyumba ya £250,000, ndiye kuti pamwamba mwapindula £4,250, pansi mwaluza £8,750. Chilango cha kukhala pansi n'chachikulu kuposa mphoto ya kukhala pamwamba.

Tanthauzo lake pa thumba lanu ndi ili. Ngati nyumba yanu ili pa F kapena G ndipo mukufuna kugulitsa, kuikweza kufika pa E kapena D kuli ndi phindu, chifukwa ogula oti akachititse lendi saloledwa kuikamo munthu isanakonzedwe, ndipo ogula ena onse amachita mantha ndi mabilu. Koma ngati ili pa D ndipo mukugulitsa chaka chamawa, musawononge £15,000 pofuna B poganiza kuti ibwerera pa mtengo. Siibwerera yonse. Ntchito zikuluzikulu zimabweza ndalama kwa munthu amene akhalamo zaka zambiri, kudzera m'mabilu otsika.

Mabanki ena amapereka chiwongoladzanja chotsikirako kapena kandalama kobweza kwa wogula nyumba ya A kapena B. Kusiyana kwake nthawi zambiri n'kochepa, choncho yerekezani ndi ngongole wamba za mabanki ena musanakopeke ndi dzina.

Ngati mukuchititsa lendi

Apa ndiye chilembo chili ndi mano. Kuyambira pa 1 Epulo 2018 sikunaloledwenso kulowetsa mlendi watsopano m'nyumba ya F kapena G, ndipo kuyambira pa 1 Epulo 2020 lamuloli linakhudza ndi alendi akale omwe. Mwini nyumba amayenera kukonza mpaka £3,500, msonkho wa VAT uli momwemo. Akafika pamenepo nyumba isanafike pa E, akhoza kulembetsa m'kaundula wa PRS Exemptions Register kuti aloledwe kuichititsabe lendi, ndipo chilolezocho chimatha pakapita zaka 5. Kungokhala chete osalembetsa ndi mlandu, ndipo khonsolo ikhoza kulipiritsa mpaka £5,000 pa nyumba imodzi.

Boma lanena kuti pofika 2030 nyumba za lendi zidzayenera kufika pa C. Amene mukugula nyumba yoti muchititse lendi, werengerani ndalama zofikira pa C ngati mbali ya mtengo wogulira. Ndipo inu amene mukuchita lendi, muli ndi ufulu wolandira chiphasochi kwaulere musanasaine. Mukapeza kuti ndi F kapena G popanda chilolezo, kadziwitseni a khonsolo.

Yambani ndi kudenga

Nyumba yopanda zotchingira imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutentha kwake kudzera kudenga, ndipo iyi ndi ntchito yotsika mtengo imene munthu wosamala angaigwire yekha. Chofunika ndi mipukutu ya mineral wool, yooneka ngati thonje lokhuthala, yofika mamilimita 270. Nyumba zambiri zakale zili ndi 100 kapena kucheperapo, yophwatalala ndi fumbi.

Yezani kutalika ndi kufupika kwa malo a pamwamba pa siling'i, ndiponso mpata wa pakati pa mitanda, umene nthawi zambiri umakhala mamilimita 400 kapena 600. Mipukutu imabwera yodulidwa kale theka pa miyeso imeneyi, ndipo papaketi amalemba kukula kwa malo amene ingakwanire. Yalani mpukutu wa 100 pakati pa mitanda, kenako wa 170 mopingasa pamwamba pake kuti mitandayo ikwiririke. Valani chophimba mphuno ndi pakamwa, magalasi ndi magolovesi, chifukwa ulusi wake umayabwa. Pondani pa mitanda pokha, kapena gwadani pa thabwa loyalidwa pa mitanda itatu. Siling'i yokha singanyamule munthu.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi. Woyala amakankhira thonjelo mpaka kumapeto, pamene denga lakumana ndi khoma, n'kutseka njira ya mpweya. Siyani mpata wosachepera mamilimita 25. Mukatseka, nthunzi yochokera m'nyumba imasanduka madontho pansi pa denga ndipo mitengo imayamba kuola. Ena amayala bwinobwino kenako n'kusanjikapo masutikesi ndi makatoni a katundu wodikira kutumiza kumudzi. Thonje lopanikizidwa limataya mphamvu yake yambiri, chifukwa chimene chimasunga kutentha ndi mpweya wotsekeredwa mkati mwake. Ngati mukufuna posungira katundu, khomani timiyendo tapulasitiki ta mamilimita 175 pa mitanda, matabwa akhale pamwamba pake.

Waya wokhuthala wopita ku shawa ya magetsi asakwiriridwe, angatenthe, mudutsitseni pamwamba. Mababu olowa mu siling'i avekeni zipewa zake zosagwira moto. Ngati kudengako kuli thanki ya madzi ozizira, pansi pake musayalepo kanthu, kuti kampweya kofunda kochokera m'nyumba kaziiteteza, koma kutani m'mbali ndi pamwamba pake pamodzi ndi mapaipi onse. Kudengako tsopano kuzizizira kuposa kale, ndipo paipi yosakutidwa imaphulika madzi akaundana mu Januwale. Paipi ya fani ya kubafa itulukire kunja kwenikweni, isathere kudengako. Chitseko chokwerera nachonso chimatidwe chotchingira kumsana kwake ndi mphira m'mbali. Mukapeza timiyala topepuka tonyezimira totchedwa vermiculite, musatikhudze musanayezetse, chifukwa tina timakhala ndi asbestos.

Chimodzi chokha tikukuletsani ndi mtima wonse: thovu lopopera pansi pa denga, lija amati spray foam. Limabisa mitengo moti woyendera nyumba sangaone ngati ikuola, ndipo mabanki ambiri amakana kupereka ngongole pa nyumba yotere. Anthu alephera kugulitsa nyumba zawo mpaka atalipira ndalama zina zochotsera. Munthu akakuimbirani foni kapena kugogoda pakhomo ndi malonda amenewa, mukaneni.

Makoma: dziwani mtundu wake kaye

Makoma amataya kutentha kochuluka kuposa denga, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Imani panja muyang'ane njerwa. Ngati zonse zagona m'litali, khomalo ndi la mizere iwiri yokhala ndi mpata pakati, monga zilili nyumba zambiri zomangidwa kuyambira m'ma 1920. Ngati pali njerwa zina zoonetsa mutu wake waufupi pakati pa zazitali, khomalo ndi logwirana lopanda mpata, monga nyumba zamizere zakale za ku Manchester, Leeds kapena Leicester. Ngati ndi lopakidwa pulasitala, yezani pa windo: lopitirira mamilimita 260 nthawi zambiri limakhala la mpata.

Khoma la mpata ndi mwayi. Amisiri amaboola timabowo m'mizere ya simenti, n'kupopera timikanda kapena thonje, n'kutseka, ndipo ntchito imatha tsiku limodzi. Kawirikawiri iyi ndi ntchito imene imakweza malikisi kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake. Koma mpatawo ukhale wosachepera mamilimita 50 ndiponso wopanda zinyalala za omanga, simenti ya pakati pa njerwa ikhale yosagumuka, ndipo khoma lisakhale loombedwa ndi mvula yamphepo nthawi zonse ngati za kugombe la kumadzulo ku Wales ndi Cornwall. Kupanda kutero, zopoperazo zimasanduka mlatho wodutsitsa madzi kuchoka kunja kulowa mkati. Uzani mmisiri alowetse kamera mu mpatawo asanayambe, ndipo mulandire chitsimikizo cha zaka 25, monga cha CIGA, bungwe lopereka zitsimikizo pa ntchito imeneyi.

Khoma lopanda mpata ndi nkhani ina. Limakutidwa kunja kapena mkati, ndalama zake ndi masauzande ambiri, ndipo likalakwika limabweretsa chinyezi choopsa. Mu Okutobala 2025 ofesi yofufuza za ndalama za boma ya National Audit Office inalengeza kuti 98 peresenti ya nyumba zimene zinakutidwa kunja pansi pa mapulogalamu a boma a ECO4 ndi Great British Insulation Scheme zinkafunika kukonzedwanso. Vuto silinali zipangizo koma kagwiridwe ka ntchito: madzi olowa pamwamba pa zokutira, m'mbali mwa mawindo mosiyidwa, mpweya wosaganiziridwa. Musalole ntchito imeneyi popanda pulani yolembedwa yosonyeza mmene athanirane ndi mawindo, mapaipi a madzi a mvula ndi kayendedwe ka mpweya, ngakhale atakuuzani kuti ndi yaulere.

Za mpweyazi zikutikhudza kwambiri. Mphika wa nyemba ukabwata maola awiri, zovala zili pa radiator, mawindo onse otseka chifukwa cha kuzizira, madzi onsewo amakhala mumpweya wa m'nyumba. Kale ankatuluka m'ming'alu. Mukamata nyumba yonse alibe kolowera, ndiye amakatera pakona yozizira kuseri kwa wadiropu, ndipo pakapita masabata ochepa pamera nkhungu yakuda imene imadwalitsa ana chifuwa. Vindikirani mphika, yatsani fani ya kukhitchini ndi ya kubafa, ndipo timipata ta pamwamba pa mawindo tisiyeni totsegula. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi. Kakamapitirira 60 peresenti masiku ambiri, mpweya ukuchepa.

Boiler ndi tinthu ting'onoting'ono

Kuyambira mu Epulo 2005 ma boiler a gasi oikidwa kumene amayenera kukhala a mtundu wa condensing, amene amagwiritsanso ntchito kutentha kwa utsi. Mungaizindikire ndi kapaipi kapulasitiki kotuluka pansi pake kupita ku ngalande. Ngati yanu ilibe, kusintha kukweza malikisi ndithu. Ngati ndi ya condensing kale ndipo ikugwira ntchito, kugula yatsopano sikusintha zambiri. Ntchito iliyonse ya gasi agwire ndi mmisiri wa m'kaundula wa Gas Safe, ndipo muone khadi lake.

Woyeza amayang'ana zowongolera zitatu: chotchera nthawi, thermostat (kachipangizo kotchera mlingo wa kutentha) ya m'chipinda, ndi mavavu okhala ndi manambala pa ma radiator. Chikasowa chimodzi malikisi amatsika, ndipo kuika n'kotsika mtengo. Thanki ya madzi otentha ivekedwe jekete la mamilimita 80, ikhale ndi thermostat yake yotcheredwa pa 60°C. Kutsitsa kuposa apo kumapatsa mpata tizilombo ta Legionella. Mababu onse okhazikika akhale a LED. Chumuni chotseguka chimene simusonkhapo moto chimakoka mpweya wofunda usana ndi usiku, choncho chitsekeni koma musiye kampata kopumira.

M'fulati ya magetsi okhaokha, njira yodalirika ndi mahita osunga kutentha a mtundu wa high heat retention, amene amadya magetsi otchipa a usiku pa mita ya mitengo iwiri ngati Economy 7. Amapeza malikisi abwino kuposa mahita wamba apakhoma. Kumbukiraninso kuti m'fulati ya leasehold, imene mumagula ufulu wokhalamo kwa zaka zoikika, makoma akunja, denga, ndipo nthawi zambiri mawindo omwe, si zanu; pamafunika chilolezo cholembedwa cha mwini chinyumba chonse.

Mawindo, sola ndi heat pump

Mawindo atsopano amakometsa nyumba ndi kuchepetsa phokoso, koma pa malikisi amapereka zochepa poyerekeza ndi mtengo wake, makamaka ngati akalewo anali kale a magalasi awiri. Sola ndiye imakweza kwambiri, ndipo nthawi zambiri ndi imene imachotsa nyumba pa C kuifikitsa pa B. Kuno mapanelo amayang'ana kumwera, osati kumpoto ngati kwathu. Woika akhale wovomerezeka ndi MCS, bungwe lovomereza amisiri a ntchito zotere, chifukwa chiphaso chake n'chimene makampani ambiri a magetsi amafuna kuti azikulipirani pa magetsi otsala kudzera mu Smart Export Guarantee. Pogula nyumba yokhala kale ndi sola, funsani ngati mapanelowo ndi a mwini nyumba kapena denga linabwereketsedwa ku kampani kwa zaka 25, chifukwa mgwirizano wotero umavutitsa ku banki.

Pa heat pump, makina otenga kutentha panja n'kukulowetsa m'nyumba, boma limathandiza ndi £7,500 kudzera mu Boiler Upgrade Scheme, ndipo zipangizo zambiri zosungira mphamvu zikaikidwa ndi mmisiri sizilipiritsidwa VAT mpaka pa 31 Malichi 2027. Koma popeza imayendera magetsi, siikweza chilembo nthawi zonse m'nyumba imene inali ndi boiler yabwino ya gasi. Iganizireni denga ndi makoma zitatha. Mabanja opeza £36,000 kapena kucheperapo pachaka, okhala m'nyumba ya D mpaka G ku England, afunse ku khonsolo za thandizo la Warm Homes: Local Grant asanatulutse ndalama zawo.

Tsiku lobwera woyeza

Chiphaso chatsopano chimadula pakati pa £60 ndi £120 m'madera ambiri, ndipo woyeza wovomerezeka mumamupeza pa gov.uk pomwepo. Kudzera kwa wogulitsa nyumba kumakonda kudulirapo. Woyeza saboola khoma kapena kukanganula pansi. Chimene sakuchiona, ndipo palibe pepala lochitsimikizira, sachiwerengera, amangotengera zaka za nyumbayo. Kuyambira mu Juni 2025 njira yowerengera ya RdSAP 10 imafuna kuti ayeze windo lililonse ndi kusonkhanitsa umboni wochuluka, choncho mapepala akhale patebulo asanafike: chitsimikizo cha makoma, chiphaso cha FENSA kapena Certass cha mawindo, cha MCS cha sola, buku la boiler losonyeza nambala ya mtundu wake, ndi chikalata cha khonsolo cha chipinda chilichonse chowonjezera. Zotchingira zimene zidzabisike pansi pa matabwa kapena kuseri kwa pulasitala, zijambuleni ntchito ili mkati, tepi yoyezera ikuoneka pachithunzi, ndipo sungani malisiti. Tsegulani chitseko cha kudenga, makwerero akhale pafupi, ndipo pa mita ndi pa thanki pakhale pofikika.

Musanalipire ntchito yaikulu iliyonse, pemphani woyeza akuwerengereni pa kompyuta yake kuti ntchitoyo ikupatsani malikisi angati. Ambiri amachita zimenezi pa kandalama kochepa. Pemphaninso kuona zotsatira asanazilowetse m'kaundula, chifukwa chiphaso chatsopano chikalowa chimalanda malo a chakale ngakhale chitatuluka chotsika. Mukapeza cholakwika, monga boiler yolembedwa mtundu wina kapena khoma lopoperedwa lolembedwa ngati lopanda kanthu, yambani mwadandaula kwa woyezayo ndi umboni wanu. Akakana, pitani ku bungwe limene linamuvomereza. Dzina lake ndi nambala yake ya foni zili kumapeto kwa chiphasocho.